Mmene Sukulu za ku Amereka Zimatsekera Nyengo ya Liŵiro la m'Thengo

M'nkhani yathu ya lero tiwoloka nyanja yamchere kupita ku dziko la Amereka, kuti tikawone mmene sukulu za sekondale za kumeneko zimatsekera nyengo ya mpikisano wa liŵiro la m'thengo, limene eni ake amalitcha cross country. Liŵiro limeneli silichitikira pabwalo losalala lozungulira ayi. Othamanga amadutsa m'maudzu, m'matope ndi m'kati mwa mitengo, nakwera zitunda ndi kutsetsereka nazo. Funso lathu ndi ili: miyezi ya thukuta ikatha, kodi chimene chimaŵerengedwa n'chiyani, ndipo ndani amene amagamula kuti sukulu yakuti yapambana? Yankho lake lingadabwitse ambiri, pakuti kaŵirikaŵiri wogamulayo sakhala mwana amene wafika poyamba.

Tiyambe ndi kudziŵa nyengo yake. Ku Amereka mwana amakhala zaka 4 ku sekondale, kuyambira ali ndi zaka pafupifupi 14 mpaka 18. Chaka cha sukulu chimayamba mu Ogasiti kapena mu Sepitembala, ndipo liŵiro la m'thengo ndi amodzi mwa maseŵera otsegulira chakacho. Anyamata ndi atsikana oposa 400,000 amaloŵa nawo chaka ndi chaka, ndipo m'zigawo zambiri za dzikolo mtunda wake ndi makilomita 5. Kukonzekera kumayamba sukulu zili patchuthi, m'miyezi yotentha ya Juni ndi Julaye. Mipikisano imayamba sukulu zikangotsegulidwa, nipitirira sabata ndi sabata mpaka kumapeto kwa Okutobala kapena m'kati mwa Novembala. Miyezi imeneyi, imene kuno kwathu ili ya dzuŵa lowotcha ndi mvula yoyamba, kumpoto kwa Amereka ndi ya kuzizira. Mitengo imakhala itayoyola masamba, ndipo mpweya wa othamanga umawoneka ngati utsi m'maŵa.

Tsono timvetse kaŵerengedwe ka mpikisanowu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Sukulu iliyonse imaloŵetsa othamanga 7. Mwana aliyense amalandira mapointi olingana ndi malo amene wafikira: woyamba amalandira 1, wachiŵiri 2, wa nambala 30 amalandira 30. Kenaka oŵeruza amawonkhetsa mapointi a ana asanu oyamba kufika a sukulu iliyonse, ndipo sukulu imene chiwonkhetso chake chili chochepa koposa ndiyo yapambana. Chiwonkhetso chochepetsetsa chimene chingatheke ndi 15, ndipo chimapezeka pokhapokha ana a sukulu imodzi atatenga malo onse asanu oyambirira.

Tiyerekeze kuti pampikisano wina sukulu yoyamba ili ndi akatswiri atatu amene atenga malo 1, 2 ndi 3, koma wachinayi wawo wafika pa nambala 15 ndipo wachisanu pa nambala 30. Tikawonkhetsa tipeza 51. Sukulu yachiŵiri ilibe katswiri ndi mmodzi yemwe, koma ana ake afika motsatizana pa malo 6, 8, 9, 11 ndi 12. Tikawonkhetsa tipeza 46. Chikho chikupita ku sukulu yachiŵiri, ngakhale kuti mamendulo onse atatu apita ku yoyamba ija. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo pano mawu amenewo alembedwa m'malamulo enieni a maseŵera.

Nanga wachisanu ndi chimodzi ndi wachisanu ndi chiŵiri amathamangiranji, popeza mapointi awo saŵerengedwa? Ntchito yawo ilipo. Aliyense wa iwo akapitirira mwana wa sukulu ina amene ali m'gulu la asanu oŵerengedwa, amamkankhira m'mbuyo ndi malo amodzi, motero amaiwonjezera mapointi sukulu imeneyo. Ndiponso sukulu ziŵiri zikafanana chiwonkhetso, oŵeruza amayang'ana wachisanu ndi chimodzi wa sukulu iliyonse, ndipo sukulu ya amene adafika msanga ndiyo yapambana. Chotero mwana amene dzina lake silimveka pawailesi angathe kugamula nyengo yonse m'mamita 100 omalizira.

Pachifukwa chimenechi mphunzitsi wodziŵa ntchito sakondwera ndi nthaŵi ya mwana wake woyamba yokha. Amayang'anitsitsa mpata umene uli pakati pa woyamba ndi wachisanu. Kutsogolo kwa mpikisano othamanga amakhala patalipatali, kotero kuti katswiri akachedwa ndi masekondi 10 angataye malo amodzi kapena aŵiri basi. Koma pakati pa gulu, pamene wachisanu amapezeka, ana amafika ali khwimbi, mapeŵa akukhudzana, ndipo masekondi 10 omwewo angamtayitse malo 20. Ndiye chifukwa chake pamipikisano yomaliza mumamva aphunzitsi akusasa mawu pokuŵira ana a m'mbuyo, pamene akatswiri awo adutsa kale.

Kutseka nyengo kumayamba mipikisano yomalizayo isanafike. Kukatsala milungu iŵiri kapena itatu, mphunzitsi amayamba kuchepetsa mtunda umene ana amathamanga tsiku ndi tsiku. Ambiri amadabwa nazo, poganiza kuti mpikisano waukulu ukayandikira ndiye nthaŵi yowonjezera ntchito. Koma thupi silitero. Kuthamanga kolimba kumavulaza minofu pang'onopang'ono ndiponso kumatha chakudya chimene minofuyo imasunga. Mphamvu zimabwera pambuyo pake, pamene thupi likukonza zowonongekazo popumula. Ofufuza amene adasonkhanitsa zotsatira za mayeso ambiri, nazifalitsa mu 2007, adapeza kuti njira yopindulitsa ndiyo kuchepetsa ntchito ndi pafupifupi theka kwa milungu iŵiri, koma osachepetsa liŵiro lake. Mwana amathamanga mtunda waufupi, koma mwamphamvu monga kale, kuti miyendo isaiŵale changu chake. Mphunzitsi amene agwidwa ndi mantha, nawonjezera ntchito m'sabata yomaliza, amafikitsa ana pamzere woyambira ali otheratu. Kuthamanga sikufika.

M'milungu yomweyi mphunzitsi amakhala ndi ntchito ina yoŵaŵa mtima. Timu ya sukulu ingakhale ndi ana 40 kapena 100, koma pamipikisano yomaliza malo alipo 7 okha, ndi ena oŵerengeka oyembekezera ngati wina angadwale. Kwa ana ena onse nyengo imatha msanga, pampikisano wa sukulu zoyandikana. Zimachitika kuti mwana wa chaka chomaliza, amene wathamanga mokhulupirika zaka zonse 4, amapitiriridwa ndi wamng'ono wa chaka choyamba, ndipo mphunzitsi ayenera kumuuza maso ndi maso kuti malo ake atengedwa. Mmene mphunzitsi alankhulira tsiku limenelo, ndi mmene mwanayo alandirira mawuwo, ana otsala amaziwona ndipo saziiŵala.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, titenge chitsanzo cha chigawo chimodzi, cha Illinois, chimene mzinda wake waukulu ndi Chicago. Kumeneko sukulu zimagaŵidwa m'magulu atatu molingana ndi kuchuluka kwa ophunzira, kuti sukulu yaing'ono ya kumidzi isalimbane ndi yaikulu ya mumzinda. Kumapeto kwa nyengo kuli makwerero atatu. Sukulu zimayamba kupikisana m'madera ang'onoang'ono, zopambana zimakwera kumadera aakulu, ndipo zopambana kumeneko ndizo zimafika pampikisano wa chigawo chonse kumayambiriro kwa Novembala. Yolephera pakhwerero lililonse nyengo yake yathera pomwepo. Palibe kubwereza, ndipo zipambano za mu Sepitembala siziŵerengedwa.

Kuyambira mu 1970 mpikisano wa chigawo chonsewu wakhala ukuchitikira pa Detweiller Park, mumzinda wa Peoria. Mtunda wake ndi mailosi 3, ndiwo makilomita 4.8, pamalo a udzu opanda zitunda zikuluzikulu. Othamanga onse amandanda pamzere umodzi wautali, sukulu iliyonse pamalo ake, ndipo mfuti ikalira onse amanyamuka pamodzi kulimbirana malo njira isanapanikizike. Paja liŵiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Wogwa kapena wotsekerezedwa m'mphindi yoyamba amavutika kuti abwezeretse malo ake. Makolo ndi anzawo a kusukulu nawonso amathamanga uku ndi uku kudutsa pakati pa bwalo kuti awone ana awo kangapo. Akatswiri a anyamata amamaliza m'mphindi 14 kapena 15, ndipo ntchito yonse imene idayamba mu Juni imathera pamenepo.

Pamalo ameneŵa ndi pamene mu 1972 mnyamata wina wochokera m'tauni yaing'ono ya Lebanon, dzina lake Craig Virgin, adamaliza m'mphindi 13 ndi masekondi 50.6. Padapita zaka 47 popanda wothamanga msanga kuposa pamenepa pampikisanowu, kufikira mu 2019 pamene Josh Methner adapitirira nthaŵiyo ndi kamphindi kosakwana sekondi imodzi. Virgin atakula adapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi wa liŵiro la m'thengo kaŵiri, ku Paris mu 1980 ndi ku Madrid mu 1981. Iyeyu ndi chitsanzo cha katswiri woima payekha, ndipo anthu otere amabadwa mwa apo ndi apo.

Koma mbiri ya zikho ku Illinois ili ndi dzina lina, la mphunzitsi Joe Newton wa pa sukulu ya York, m'tauni ya Elmhurst pafupi ndi Chicago. Adayamba kutsogolera timu ya anyamata mu 1960, napumula ntchitoyo mu 2016, ndipo adamwalira mu Disembala 2017 ali ndi zaka 88. M'zaka zimenezo sukulu yake idatenga chikho cha chigawo chonse maulendo 28, koyamba mu 1962 ndipo komaliza mu 2012. Chinsinsi chake chidali kuchuluka kwa ana ndi kuwasamala onse. Zaka zina timu yake inkakhala ndi anyamata oposa 200, chikhalirecho othamanga pa Peoria adali 7 okha. Newton adali ndi chizoloŵezi chogwirana chanza ndi mwana aliyense tsiku ndi tsiku ndi kumtchula dzina, waliŵiro ndi wochedwa yemwe.

Phindu la njira imeneyi lidawoneka mu 2005. Nyengo ili m'kati, aŵiri mwa othamanga odalirika a York adachotsedwa m'timu chifukwa cha mlandu umene adapalamula kunja kwa maseŵera. Sukulu yodalira akatswiri oŵerengeka ikadagwa nazo. Koma m'mbuyo mwa aŵiriwo mudali anyamata ena amene adakonzeka kale, ngakhale kuti palibe adawayembekezera. Ameneŵa adaloŵa m'malo, ndipo mu Novembala York idatenga chikho chake cha nambala 25. Amene adagwirana chanza ndi ana 200 sadasoŵe wachisanu pa tsiku la mavuto.

Kwa ana ochepa kwambiri nyengo imapitirira mpaka Disembala. Mu 1979 mumzinda wa San Diego mudayambika mpikisano wa dziko lonse la Amereka wa akatswiri othamanga aliyense payekha. Poyamba unkatchedwa ndi dzina la kampani ya nsapato ya Kinney, ndipo kuyambira mu 1993 udadziŵika kwa zaka zambiri ndi dzina la Foot Locker. Mu 2004 kampani ya Nike idayambitsa mpikisano wina mumzinda wa Portland, wa matimu athunthu, ndipo anyamata a York ndiwo adapambana chaka choyambacho. Kumbali ya atsikana, timu ya sukulu ya Fayetteville-Manlius ya m'chigawo cha New York, motsogozedwa ndi mphunzitsi Bill Aris, idapambana mpikisano wa ku Portland maulendo 11 pakati pa 2006 ndi 2017. Komabe ofika kumeneko ndi mazana ochepa chabe mwa ana zikwi mazanamazana aja. Kwa ena onse, tsiku lotsatira mpikisano womaliza ndi tsiku lovula nsapato.

Apa ndi pamene pali gawo la kutseka nyengo limene ambiri amalinyozera, ndilo kupumula. Aphunzitsi ambiri amalamula kuti ana aleke kuthamanga kwa sabata imodzi kapena ziŵiri. Lamuloli ndi lovuta kwa mitundu iŵiri ya ana. Wopambana amawopa kuti mphamvu zake zithaŵa, ndipo wolephera amafuna kudzilanga ndi ntchito yowonjezera. Onse aŵiri ali pangozi imodzi. Mafupa a mwana wa msinkhu umenewu akali kukula, ndipo kuponda pansi maulendo zikwi zambiri tsiku ndi tsiku kungachititse fupa la msongolo kapena la phazi kuchita mng'alu waung'ono. Mng'alu wotere umayamba ngati ululu wa pamalo amodzi, umene umakula pothamanga. Mwana akaubisa kuti asataye malo ake m'timu, angadzakhale milungu yambiri osathamanga konse, nataya nyengo yotsatira ya mipikisano ya pabwalo.

Nthaŵi yopumulayi ndiyonso yofufuza za magazi ndi kadyedwe. Othamanga mitunda yaitali, makamaka atsikana, kaŵirikaŵiri amapereŵera ayironi, amene thupi limafuna popanga magazi onyamula mpweya wabwino. Chizindikiro chake ndi kutopa kosadziŵika chifukwa, ndiponso kubwerera m'mbuyo kwa mwana amene akugwira ntchito molimbika monga kale. Nyama, chiŵindi, nyemba ndi ndiwo zamasamba zimathandiza, koma woyenera kugamula ndi dokotala atayeza magazi. Palinso vuto la ana amene amadzimana chakudya poganiza kuti kuwonda ndiko liŵiro. Mu 2014 Komiti ya Olimpiki ya Dziko Lonse idatulutsa chikalata chochenjeza kuti wamaseŵera amene sadya molingana ndi ntchito yake amafooketsa mafupa ndi thupi lonse, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana. Kwa mtsikana, chizindikiro china ndi kuleka kupita kumwezi, ndipo chimenechi si chinthu chochiyesa chachibadwa kwa wothamanga. Mphunzitsi amene atseka nyengo osafunsa za zimenezi watseka theka lokha.

Chomalizira ndi phwando. Sukulu zambiri zimaitana ana ndi makolo awo kuchakudya cha madzulo, yunifolomu zitabwezedwa ndipo nthaŵi za mwana aliyense zitalembedwa m'buku. Amene athamangira timu yaikulu amalandira chilembo choyamba cha dzina la sukulu, chopangidwa ndi nsalu yochindikala, chimene amachisokerera pajekete. Pamakhala mphoto ya wothamanga koposa, koma pamakhalanso ya amene wasintha koposa. Mphoto yachiŵiriyi ili ndi tanthauzo lalikulu, chifukwa m'maseŵera ano mwana aliyense ali ndi nthaŵi yakeyake yoti aipose. Amene adamaliza makilomita 5 m'mphindi 28 mu Sepitembala, nadzamaliza m'mphindi 24 mu Okutobala, wachita chinthu chimene wotchi ikuchitira umboni, ngakhale kuti sadaloŵepo m'gulu la 7 lija.

Usiku womwewo ana a chaka chomaliza amatsanzika. Oŵerengeka mwa iwo adzathamangira makoleji, ndipo ena adzapeputsidwa malipiro a maphunzo chifukwa cha liŵiro lawo, koma ambiri sadzavalanso yunifolomu ya timu. Malo awo amatsala opanda munthu, ndipo mphunzitsi amayang'ana m'chipindamo kuti awone amene adzawadzaza. Monga mlimi amene amapatula mbewu zokolola zisanaloŵe m'nkhokwe, mphunzitsi amadziŵa kuti wachisanu wa chaka chamaŵa ali pakati pa ana amene chaka chino adafika pa nambala 12 kapena 20 m'timu. Ngati ana ameneŵa achoka paphwandolo dzina lawo lisadatchulidwe, ambiri sadzabweranso mu Juni. Ngati atchulidwa, nauzidwa poyera mmene asinthira, adzabwera, ndipo mwina adzabwera ndi mnzawo.

Omvera athu, makamaka inu aphunzitsi amene mumayang'anira maseŵera ndi inu makolo a ana othamanga, taonani zimene kutseka nyengo kukutanthauza kumeneko: kuchepetsa ntchito nthaŵi yake ikafika, kulankhula zowona mwaulemu kwa mwana amene wasiyidwa, kupumitsa thupi ndi kulifufuza, ndi kutchula dzina la mwana aliyense asanabalalike. Zonsezi zikuchokera pa lamulo limodzi lija loŵerenga ana asanu m'malo mwa mmodzi, lamulo limene silifuna ndalama koma pensulo ndi pepala. Tsiku lina mukadzaima pamzere womalizira wa mpikisano wotere, musadzachoke woyamba akangodutsa. Mudzadikire wachisanu, pakuti chikho chili m'miyendo yake.